Mizere Iwiri Imene Inafooketsa Maloko a pa Intaneti

Pa 13 Meyi m'chaka cha 2008, bungwe la Debian, limene limasonkhanitsa ndi kugawa kwaulere mapulogalamu oyendetsera makompyuta, linalengeza nkhani imene inasowetsa tulo oyang'anira makina m'maiko ambiri. Linati makiyi achinsinsi amene anapangidwa ndi mapulogalamu ake atsopano kuyambira mu Sepitembala 2006 anali osadalirika, ndipo anayenera kutayidwa ndi kupanga ena. Panalibe mbala imene inathyola chitseko, ngakhale mdani amene anaika msampha. Chimene chinachitika n'chakuti mmisiri wina wokhulupirika, pokonza laibulale yotchedwa OpenSSL, anachotsamo mizere iwiri, pakuti panalibe mawu olembedwa omuchenjeza kuti umodzi mwa mizereyo ndiwo unali mzati wa nyumba yonse.

Nkhani imeneyi ingaoneke ngati ya amisiri a makompyuta okha, koma muzu wake ndi chinthu chimene kalaliki aliyense wa pa boma ndi mphunzitsi wamkulu aliyense amachidziwa bwino, ndicho vuto limene limagwa pamene munthu wachita chinthu mwanzeru koma osalemba chifukwa chake.

Laibulale ndi kamangidwe kake

Mmisiri womanga nyumba sasula yekha misomali, maloko ndi mahinjesi. Amagula zimene ena anapanga kale, iye nazilumikiza. Chimodzimodzinso wolemba pulogalamu ya kompyuta sayamba zonse pachiyambi. Akafuna kuti pulogalamu yake ibise mauthenga, kapena isunge maina m'kaundula, kapena ichepetse kukula kwa mafayilo, amatenga zigawo zimene ena analemba kale. Zigawo zoterezi ndizo zimatchedwa malaibulale. OpenSSL ndi laibulale yobisa mauthenga, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuteteza gawo lalikulu la makalata ndi malonda oyenda pa intaneti.

Laibulale zambiri zimafika kwa mmisiri zili zolembedwa m'chinenero chimene munthu angawerenge, monga chinenero chotchedwa C, koma makina sangachimve. Pamafunika pulogalamu yomasulira, yotchedwa compiler, imene imasandutsa zolembazo kukhala malamulo amene makina amatsata. Ntchito imeneyi amisiri amaitcha kumanga. Tsono kumangako kusanayambe, mmisiri amayenera kuyankha mafunso ambiri: kodi gawo lakuti lilowe kapena litsale, kodi njira zakale zololeza makina achikale zisungidwe, kodi laibulale ithamange kwambiri kapena ikhale yosavuta kuifufuza zolakwa. Mayankho amenewa ndiwo zosankha za pomanga.

Aliyense amene anapitako kuchigayo adziwa kuti chimanga chingakhale chimodzimodzi, koma sefa imene aikamo ndiyo imalamula ngati ufa utuluke wosalala kapena wamisere. Momwemonso maofesi awiri angathe kunena kuti ali ndi laibulale imodzi, ya dzina limodzi ndi nambala imodzi, chikhalirecho zimene zili m'makina mwawo n'zosiyana, popeza amene anazimanga anasankha mosiyana.

Zida zothandiza pa ntchitoyi zinayamba kale. Mu 1976 Bambo Stuart Feldman a ku Bell Labs, ku America, analemba pulogalamu yotchedwa make, imene imatsata ndondomeko ya kamangidwe. Mu 1991 Bambo David MacKenzie anayamba Autoconf, imene imapanga pulogalamu yotchedwa configure, yofufuza makina ndi kulandira zosankha za mmisiri. Mu 2000 kampani ya Kitware inatulutsa CMake. Zida zonsezi zinapeputsa kumanga, koma panalibe ngakhale chimodzi chimene chikanakakamiza munthu kulemba tanthauzo la chosankha chilichonse.

Masamu amene amagonjetsa amisiri

Aphunzitsi a masamu angaone msanga pamene pagona vuto. Chosankha chimodzi chimene chingayatsidwe kapena kuzimitsidwa chimabala mitundu iwiri ya laibulale. Zosankha ziwiri zimabala mitundu inayi. Zosankha 10 zimabala mitundu 1,024. Zosankha 20 zimabala mitundu 1,048,576. Ndipo zosankha 30 zimapitirira mitundu 1,000,000,000. Phata la Linux, limene limayendetsa mafoni a Android ndi makompyuta akuluakulu ochuluka, lili ndi zosankha zoposa 10,000.

Chotero palibe bungwe, ngakhale lolemera chotani, limene lingayese mitundu yonse. Eni laibulale amayesa njira zochepa zimene iwo eni amayendamo tsiku ndi tsiku, ndipo njira zinazo zimamera thengo. Munthu wachilendo akawerenga mndandanda wa zosankha amaona ngati zonse n'zofanana, pakuti mndandandawo sunena kuti iyi ndi njira yopondedwa, iyo ndi njira imene papita zaka palibe wadutsamo. Kawirikawiri chosankha chimafotokozedwa ndi mzere umodzi wokha wobwereza dzina lake, osanena chimene chidzatayika chikazimitsidwa, kapena chosankha china chimene sichigwirizana nacho.

Zimene zinachitika ku Debian

Kiyi wachinsinsi wa pa kompyuta ndi nambala yaitali kwambiri imene iyenera kusankhidwa monga mwa maere, kuti mdani asathe kuilota. Pofuna kupeza maere otero, OpenSSL inali ndi chimene tingachiyerekeze ndi mphika, m'mene inkathiramo zinthu zosiyanasiyana zosadziwikiratu zochokera m'makina, n'kuzitakasa pamodzi. M'fayilo yotchedwa md_rand.c munali mizere iwiri yofanana maonekedwe ngati mapasa. Mzere woyamba ndiwo unkathira mumphikamo zinthu zofunika zonse. Mzere wachiwiri unkangowonjezera zotsalira zimene zinapezeka m'chikumbumtima cha makina, zimene phindu lake linali lochepa.

Pali zida zofufuzira zolakwa m'mapulogalamu, monga Purify ndi Valgrind, zimene zimadandaula zikaona pulogalamu ikuwerenga malo amene sanalembedwemo kanthu. Eni OpenSSL ankadziwa zimenezi, ndipo anaika chosankha chotchedwa PURIFY, chakuti munthu akachiyatsa pomanga, mzere wachiwiri uja umatsala. Pambali pa mzerewo panali timawu tochepa tonena kuti Purify imadandaula nawo. Koma pa mzere woyamba, umene unali wofunika koposa, panalibe mawu alionse.

Mu 2006 anthu ena anadandaula kwa a Debian kuti Valgrind ikuchita phokoso pa mapulogalamu ogwiritsa ntchito OpenSSL. Mmisiri amene ankayang'anira laibulaleyi ku Debian anapeza mizere iwiri ija, naganiza zoichotsa. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma munthu ameneyu anafunsa ndithu. Mu Meyi chaka chomwecho analembera a OpenSSL, navomereza poyera kuti sankadziwa chimene kuchotsako kungachite pa maere aja. Yankho lina linati palibe choletsa ngati kutero kungathandize pofufuza zolakwa, ndipo lina linatchula chosankha cha PURIFY. Oyankhawo ankaganiza za munthu amene akuyesa zinthu pa makina ake. Wofunsayo ankaganiza za laibulale imene idzagawidwe kwa anthu onse. Aliyense anachoka akuyesa kuti amvana.

Mizere yonse iwiri inachotsedwa, ndipo laibulale yolumalayo inalowa m'nkhokwe ya Debian pa 17 Sepitembala 2006. Kuyambira pamenepo, chinthu chokha chosinthasintha chimene chinkalowa mumphika chinali nambala imene makina amapatsa pulogalamu iliyonse ikayamba kugwira ntchito, ndipo nambala imeneyo sinkapitirira 32,767. Kunena kwina, pa mtundu uliwonse wa kiyi panatsala makiyi osapitirira 32,767, chiwerengero chimene kompyuta wamba ingachiyese chonse mosavuta. Loko ankaoneka wolimba monga kale, makina sankadandaula, ndipo mauthenga ankapita ndi kufika. Cholakwacho chinalowa mu Debian 4.0 ya mu 2007, ndiponso mu Ubuntu, imene imatenga zambiri kwa Debian.

Panapita miyezi pafupifupi 20 kufikira pamene Bambo Luciano Bello, mmisiri wa Debian wa ku Argentina, anazindikira. Patangopita masiku ochepa chilengezo chitatuluka, akatswiri ena anali atapanga kale mndandanda wa makiyi ofookawo. Kukonza laibulale kunali kwapafupi, koma kusaka makiyi onse amene anapangidwa m'miyezi imeneyo kunali ntchito yaikulu, pakuti ambiri anali atatumizidwa kale ku makina ena amene sankayendera Debian n'komwe. Pambuyo pake a OpenSSL analemba chenjezo la zilembo zikuluzikulu pamwamba pa mzere wotere, loletsa aliyense kuuchotsa. Mawu ochepawo akanalembedwa zaka ziwiri m'mbuyo, tsoka lonse likanapewedwa.

Chosankha choyatsidwa kale, ndi chosankha chosayesedwa

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, laibulale yomweyo inaphunzitsanso dziko phunziro lina. Pa 31 Disembala 2011 mu OpenSSL munalowa gawo latsopano lotchedwa heartbeat, lothandiza makina awiri kutsimikizirana kuti akali olumikizana. Gawoli linatuluka mu Malichi 2012, m'kope la 1.0.1, lili loyatsidwa kale, kotero kuti aliyense womanga laibulale popanda kusintha kanthu analitenga, ngakhale amene sankalifuna kapena kudziwa kuti liliko.

M'gawomo munali cholakwa. Mdani akanatha kutumiza uthenga waufupi n'kunama kuti ndi wautali, ndipo makina ankamubwezera zimene zinali m'chikumbumtima chawo, kufikira makilobayiti 64 pa ulendo umodzi, m'mene mukanatha kupezeka mawu achinsinsi ndi makiyi. Bambo Neel Mehta a ku Google ndi kampani ya Codenomicon ya ku Finland anachipeza, ndipo chinalengezedwa pa 7 Epulo 2014 ndi dzina lakuti Heartbleed. Kampani ya Netcraft inawerengera kuti maseva otetezedwa pafupifupi 500,000 anali pangozi. Ku Canada, bungwe la Boma lotolera misonkho linalengeza kuti manambala a anthu pafupifupi 900 anabedwa kudzera pa mpata umenewu.

Chilengezo cha a OpenSSL chinapereka njira ziwiri: kutenga kope latsopano la 1.0.1g, kapena kumanganso laibulale ndi chosankha chotchedwa OPENSSL_NO_HEARTBEATS, chimene chimasiya gawolo kunja. Chosankhacho chinalipo kuyambira pachiyambi. Amene akanachiyatsa mu 2012 sakanakhudzidwa konse, koma ambiri anachimva koyamba tsiku la tsokalo.

Amisiri a OpenBSD, pofufuza nkhaniyi, anapezanso china. OpenSSL inali ndi njira yakeyake yosungira malo m'chikumbumtima cha makina, imene inkalambalala chitetezo chimene makina ena anali nacho. Panali chosankha chozimitsira njirayo, koma Bambo Ted Unangst atachiyesa anapeza kuti laibulale inkalephera kugwira bwino ntchito, chifukwa munali cholakwa china chimene njira ija inkachiphimba. Chosankhacho chinali pa mndandanda, koma sichinkayesedwa. M'mwezi womwewo a OpenBSD anayamba nthambi yawo yotchedwa LibreSSL, ndipo m'sabata yoyamba anachotsa mizere yoposa 90,000, yambiri mwa iyo yothandiza makina achikale.

Si chilungamo kuloza chala amisiri a OpenSSL popanda kutchula umphawi umene ankagwiramo ntchito. Bambo Steve Marquess, amene ankayang'anira za ndalama za gululo, ananena pa nthawiyo kuti zopereka zaufulu zinkafika madola pafupifupi 2,000 pa chaka. Anthu ochepa, ambiri a iwo ogwira ntchitoyi pa nthawi yawo yopuma, ankasenza katundu amene makampani olemera a dziko lonse ankatsamira. Munthu wotopa amayamba walemba pulogalamu, kufotokoza n'kusiyira mawa. Tsokali litachitika, bungwe la Linux Foundation linakhazikitsa thumba lotchedwa Core Infrastructure Initiative mu Epulo 2014, kuti makampani athandize ntchito zoterezi.

Pamene mdani abisala m'kamangidwe

Zochitika ziwirizi zinali ngozi. Koma mu 2024 kunaoneka kuti malo amene anthu sawerenga ndiwo malo amene mdani amakonda. Laibulale yotchedwa xz, yochepetsa kukula kwa mafayilo, inkasamalidwa kwa zaka zambiri ndi Bambo Lasse Collin pafupifupi okha. Munthu wina wodzitcha Jia Tan anayamba kuwathandiza, nagwira ntchito mofatsa kwa zaka zoposa ziwiri kufikira atakhulupiriridwa ndi kupatsidwa mphamvu yotulutsa makope atsopano.

M'makope a 5.6.0 ndi 5.6.1 munthuyo anabisa khomo lachinsinsi lolowera m'makina a ena. Sanalibise m'zolemba zimene amisiri amawerenga kawirikawiri, koma m'mafayilo oyesera ndi m'malangizo a kamangidwe, amene ndi aatali, ovuta, ndipo ambiri amangowayendetsa osawayang'ana. Pamalo ena anaika kadontho kamodzi m'chigawo chimene chimafufuza ngati makina ali ndi chitetezo chotchedwa Landlock. Kadonthoko kankalepheretsa kufufuzako, ndipo CMake inkangoganiza kuti chitetezocho kulibe, n'kupitiriza kumanga mwakachetechete. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bambo Andres Freund, mmisiri wa ku Microsoft amene amagwira ntchito pa PostgreSQL, anaona kuti kulowa m'makina awo kukuchedwa ndi theka la sekondi, ndiponso kuti Valgrind, chida chomwe chija cha nkhani ya Debian, ikudandaula. Iwo sanafune kungotontholetsa chidacho, koma analondola dandaulolo kufikira gwero lake, ndipo anaulula zonse pa 29 Malichi 2024. Makope oipawo anali atangofika m'nkhokwe zoyesera za Debian ndi Fedora, asanalowe m'makope okhazikika amene maofesi ambiri amadalira.

Amene anasonyeza njira yabwino

Pali malaibulale amene eni ake anaika mtima pa kulemba. SQLite, imene Bambo D. Richard Hipp anayamba mu 2000, ndi laibulale yosungira kaundula, ndipo imapezeka m'mafoni a Android ndi iPhone, kotero kuti owerenga ambiri ali nayo m'thumba osadziwa. Zolemba zake zimatchula zosankha za pomanga chimodzichimodzi, zimanena zimene eni ake amalangiza ndi zifukwa zake, ndiponso zimachenjeza poyera kuti zosankha zochotsera zigawo siziyesedwa m'kasakanizidwe kalikonse. Kuwonjezera apo, munthu angathe kufunsa laibulale yomangidwa kale, ndi lamulo lakuti PRAGMA compile_options, ndipo imatchula yokha zimene anaisankhira. Kuvomereza malire a zimene zinayesedwa ndi mbali ya kulemba koona.

A Debian nawonso, kuyambira mu 2013, anayamba ntchito yofuna kuti anthu awiri akamanga pulogalamu imodzi ndi zosankha zofanana, zotuluka zake zifanane kotheratu, kuti wina athe kutsimikizira ntchito ya mnzake. Maboma sanatsalire. Mu Meyi 2021 Pulezidenti Joe Biden wa ku America anasaina lamulo limene, mwa zina, linafuna kuti ogulitsa mapulogalamu ku Boma azipereka mndandanda wa zigawo zonse zimene zili m'kati mwake. Mu 2024 maiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo lotchedwa Cyber Resilience Act, limene nalonso limafuna mndandanda wotere kwa opanga katundu wa makompyuta.

Phunziro kwa ogwira ntchito za Boma

Zonsezi zinachitikira kutali, koma malaibulale sadziwa malire a maiko. Pulogalamu ya DHIS2, yochokera ku University of Oslo, imene Unduna wa Zaumoyo kuno ku Malawi umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, inamangidwa pa zigawo zambiri zaulere zolembedwa ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana, monga momwe zilili ndi mapulogalamu ambiri a masiku ano. Ichi si chinthu choopsa mwa icho chokha, pakuti zolakwa zonse zatchulidwazi zinapezeka chifukwa zolembazo zinali poyera, pamene munthu wakhama akanatha kuziwerenga.

Mkulu wa ofesi safunika kudziwa chinenero cha C kuti achite mbali yake. Amadziwa kale kuti wantchito akasamutsidwa ayenera kusiya kalata yofotokoza ntchito kwa womulowa m'malo, ndi kuti fayilo yopanda zifukwa za chigamulo imasokoneza amene adzaitsegule patapita zaka zisanu. Lamulo lomwelo ligwire ntchito pa makina. Pamene ofesi ikulandira pulogalamu kwa kontilakitala kapena kwa mmisiri wake, ndi bwino kufunsa zinthu zinayi, ndi kuzilandira zolembedwa: maina ndi manambala a malaibulale onse amene alimo, zosankha zimene zinagwiritsidwa ntchito pomanga, ndi chifukwa cha chilichonse chosiyana ndi zimene eni laibulale amalangiza, kusintha kulikonse kumene mmisiri anachita m'zolemba za eni ake, ndi umboni wakuti eni akewo anauzidwa momveka, ndiponso malangizo okwanira kuti munthu wina amangenso pulogalamuyo mwini ntchito atachoka. Malangizo omalizawa ayesedwe ndi munthu amene sanawalembe, ndalama zomaliza zisanalipidwe, pakuti wolemba saona msanga zimene wadumpha.

Tsiku limene chilengezo chonga cha Heartbleed chidzatulukenso, funso loyamba lidzakhala lakuti kodi gawo lolakwalo lili m'makina a ofesi ino kapena ayi. Ofesi imene inasunga zolemba idzayankha m'mawa womwewo. Imene sinasunge idzayamba kusaka mmisiri amene mwina anapita kalekale, uku zinsinsi za anthu zili pambalambanda.

Kwa aphunzitsi, makamaka a masamu, sayansi ndi makompyuta, nkhaniyi ikulimbikitsa mwambo wakale wofuna kuti wophunzira asonyeze njira imene wapezera yankho, osati yankho lokha. Mwana amene wazolowera kulemba chifukwa cha sitepe iliyonse m'kope lake ndiye amene, akadzakhala mmisiri, adzasiye mawu pambali pa mzere wofunika, kuti wobwera pambuyo pake asauchotse.